Mavuto a msambo usanafike: zitsamba za ku China ziti, ndipo zikusiyana bwanji ndi za kuchipatala?

Amayi ambiri amadziwa kuti msambo wayandikira asanayang'ane n'komwe kalendala. Mawere amalemera, bra yomwe imakwana bwinobwino sabata yatha iyamba kufinya. Mimba imatupa, mutu umawawa, ziphuphu zimatuluka pachibwano, ndipo mtima umakhala wapachala moti mwana akangotaya madzi pansi mawu amatuluka amene sunafune kunena. Ena amangolira osadziwa chimene akulirira. Magazi akayamba kutuluka, pakapita tsiku limodzi kapena awiri zonsezi zimazimiririka. Madokotala amatcha vutoli PMS. Likafika poti mayi akulephera kugwira ntchito, akukangana ndi aliyense, kapena akuganiza zodzipha mwezi ndi mwezi, amalitcha PMDD, ndipo limeneli limagwira amayi pakati pa 3 ndi 8 mwa 100 alionse amene akusamba.

Amene atopa nalo vutoli amafunsa za zitsamba za ku China, ndipo m'pomveka. Ku China, ku Taiwan ndi ku Japan amayi akhala akumwa zitsambazi kwa zaka mazanamazana, ndipo zina zimaperekedwa m'zipatala ndi madokotala ophunzira. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi wogulitsa amene amangoti "awa ndi a msambo," ngati kuti mankhwala a ku China ndi amodzi. Ndi ambiri, anapangidwira amayi osiyana, ndipo kuopsa kwawo n'kosiyananso. Amene amapatsidwa mayi wozizira mapazi ndi wotupa miyendo si amene amapatsidwa mayi wa mkwiyo wotentha kumaso.

Zimene sing'anga wa ku China amayang'ana

Sing'anga wophunzira bwino sayamba ndi botolo. Amaika zala zitatu pamtsempha wa pamkono, kumanja ndi kumanzere, kumva mmene magazi akugundira. Amakuuzani mutulutse lilime, aone ngati ndi lotuwa, lofiira m'mbali, kapena lili ndi madontho akuda. Kenako mafunso: mumagona bwanji, mumatuluka thukuta usiku, chimbudzi chikuyenda bwanji, magazi a msambo amakhala owala kapena akuda okhala ndi zibulumwa. Mayankho amenewa ndi amene amasankha mankhwala.

Pa PMS nthawi zambiri amanena kuti mphamvu ya chiwindi, imene amaitcha qi, yaima m'malo moyenda. Musathamangire kuchipatala kukayezetsa chiwindi. Ndi kafotokozedwe kawo ka mayi amene ali ndi mkwiyo, chifuwa chomangika, mawere owawa ndi kuusa moyo pafupipafupi, osati matenda a chiwindi amene dokotala amapeza m'magazi.

Xiao Yao San ndi mng'ono wake Jia Wei Xiao Yao San

Xiao Yao San ndiye wodziwika kwambiri. Analembedwa m'buku la mankhwala la boma la ufumu wa Song, Taiping Huimin Heji Jufang, limene linkagwiritsidwa ntchito m'masitolo a mankhwala a boma m'zaka za m'ma 1100. Muli zinthu 8: mizu ya chai hu, dang gui, bai shao, bai zhu ndi gan cao, bowa womera pansi pa mitengo ya paini wotchedwa fu ling, jinja ndi minti. Amaperekedwa kwa mayi wokwiya msanga, wa mawere owawa, wotopa, wosafuna chakudya, amene masiku ake a msambo amasinthasintha. M'masitolo amapezeka kwambiri ngati Xiao Yao Wan, timibulu takuda tozungulira ngati njere za papaya, ndipo pabotolo pamalembedwa kuti timibulu 8 katatu patsiku.

Jia Wei Xiao Yao San, amene ena amamutcha Dan Zhi Xiao Yao San, ndi yemweyo koma anawonjezeramo zinthu ziwiri zoziziritsa thupi: khungwa la muzu wa mu dan pi ndi chipatso cha zhi zi. Amati anachokera kwa dokotala Xue Ji wa nthawi ya ufumu wa Ming. Ameneyu ndi wa mayi amene mkwiyo wake uli ndi moto: nkhope imatentha, kukamwa kumauma, tulo sitibwera, ziphuphu zimafiira. Ku Taiwan, kumene inshuwalansi ya boma ya zaumoyo imalipiranso mankhwala achikuda a ku China, ofufuza anawerenga zimene madokotala analembera amayi a PMS, ndipo mu 2014 anapeza kuti mankhwala amenewa ndi amene amalembedwa kuposa ena onse. Ku Japan amawatcha kamishoyosan, ndipo kampani ya Tsumura imawagulitsa ngati nambala 24, timapaketi ta ufa wa timiyalamiyala, magalamu 7.5 patsiku ogawidwa kawiri kapena katatu, asanadye kapena pakati pa chakudya.

Apa pakufunika kuimapo, chifukwa awa ndi amene ambiri angagule, ndipo ali ndi ngozi ziwiri zimene wogulitsa sanena.

Yoyamba ndi zhi zi. Madokotala a ku Japan anaona kuti anthu ena amene amwa mankhwala okhala ndi chipatsochi kwa nthawi yaitali, kawirikawiri zaka 5 kapena kuposa, mitsempha ya magazi ya thumbo lalikulu imauma ndi kulimba, khoma la thumbolo n'kuda. Munthu amamva kupweteka m'mimba makamaka kumanja, kutsekula, kudzimbidwa, mimba kufufuma, ndipo ena anachita kudulidwa thumbo. Mu 2018 boma la Japan linalamula kuti chenjezo limeneli lilembedwe pa mankhwala onse okhala ndi zhi zi. Si vuto lofala, ndipo silibwera pa miyezi itatu. Koma PMS ndi vuto la mwezi uliwonse kwa zaka zambiri, ndiye n'kosavuta mayi kupitiriza kumwa mpaka kuiwala kuti anayamba liti.

Yachiwiri ndi gan cao, muzu wotsekemera umene ku Ulaya amautcha liquorice. Uli mu Xiao Yao San ndi mu Jia Wei momwe. Ukachuluka m'thupi umachititsa impso kusunga mchere ndi madzi n'kutaya potaziyamu. BP imakwera, miyendo imatupa, minofu imafooka, ndipo potaziyamu akachepa kwambiri mtima umagunda mosokonekera. Mayi amene amamwa kuti achepetse kutupa akhoza kuona kutupa kukuwonjezeka, iye n'kuwonjezeranso mlingo. Ngati muli ndi BP, kapena mukumwa mapiritsi okodzetsa monga hydrochlorothiazide ndi furosemide, kapena digoxin wa matenda a mtima, mankhwala awiriwa ndingakulangizeni kuti muwasiye pambali.

A mayi wozizira, ndi a magazi akuda

Awiri otsatira ndi akale koposa. Onse amachokera kwa Zhang Zhongjing, dokotala wa kumapeto kwa ufumu wa Han, cha m'ma 200. Onse alibe gan cao, ndipo kwa munthu wa BP kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Dang Gui Shao Yao San ali ndi zinthu 6: dang gui, shao yao, chuan xiong, fu ling, bai zhu ndi ze xie. Mayi wake ndi wotuwa, wofooka, wozizira manja ndi mapazi, wa chizungulire, amene mphete imakana kutuluka chala ndipo nsapato imathina masiku a msambo usanafike. Ngati vuto lanu lalikulu ndi kutupa ndi kulemera kwa thupi, osati mkwiyo, sing'anga angatsate amenewa. Ku Japan ndi tokishakuyakusan, nambala 23. Ena amawasiya chifukwa dang gui ndi chuan xiong zimasokoneza m'mimba. Komanso mayi wotuwa ndi wa chizungulire ayenera kuyezetsa magazi kaye, chifukwa kuchepa kwa magazi kuli ndi mankhwala ake otsika mtengo ku chipatala chilichonse.

Gui Zhi Fu Ling Wan ali ndi zinthu 5: timitengo ta sinamoni, fu ling, mu dan pi, shao yao ndi njere za m'kati mwa pichesi. Amaperekedwa pamene ululu wa m'chinena ndi wobaya pamalo amodzi, magazi ndi akuda okhala ndi zibulumwa, mutu ukutentha koma mapazi akuzizira. Kunena zoona awa ndi a kupweteka kwa msambo kuposa a kusintha kwa mtima. Amatengedwa ngati oyendetsa magazi, choncho si a mayi amene amataya magazi ambiri, ndipo woyembekezera amachenjezedwa kuti asamwe. Ululu wa mtundu umenewu ungakhalenso wa zotupa za m'chiberekero kapena endometriosis (pamene minofu yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero imera kunja kwake), zimene zimafuna sikani.

Palinso Chai Hu Shu Gan San, wa mayi amene mawere ndi nthiti zimamangika kwambiri ndipo amageya pafupipafupi. Muli gan cao. Mulinso xiang fu, timizu ta udzu wa m'gulu la dawe, uja amalimbana nawo alimi m'dimba. Kafukufuku wa ku Taiwan uja anapeza kuti pa zitsamba zowonjezera pazokha, xiang fu ndi amene amalembedwa kwambiri.

Nanga dang gui payekha, amene amagulitsidwa m'makapisozi olembedwa dong quai? Ku China samwedwa yekha kawirikawiri pa vutoli. Kumugulitsa yekha ngati "mahomoni achilengedwe" n'kwa amalonda a kunja. Mu 1997 ku California anamuyesa pa amayi 71 osiya kusamba kwa masabata 24, ndipo sanachite ngati homoni ya estrogen kapena kuposa makapisozi opanda mankhwala. Chimene chimadziwika bwino ndi chakuti akaphatikizidwa ndi warfarin, mankhwala a kuchipatala oletsa magazi kuundana m'mitsempha, magazi amachedwa kuundana, munthu n'kukha magazi. Pa njira zonse zili pano, imeneyi ndi imene sindiona chifukwa choigulira.

Umboni uli pati?

Mu 2009 gulu la Cochrane, limene limasefa kafukufuku wa zaumoyo, linafunafuna mayeso onse a zitsamba za ku China pa PMS. Linapeza awiri okha oyenera kuwerengedwa, a amayi 549 pamodzi. Woyenda bwino pa awiriwo anali wa ufa wotchedwa Jingqianping, ndipo anaonetsa kuti umathandiza. Koma mayeso awiri sangasenze nkhani yonse, ndiye anamaliza ndi kunena kuti umboni ndi wosakwanira.

Wina anganene kuti zaka 900 za amayi omwa Xiao Yao San ndi umboni wokwanira. Ndimalemekeza zaka zimenezo, ndipo sindikayika kuti amayi ambiri anapeza mpumulo. Vuto ndi lakuti PMS imasinthasintha yokha, mwezi wina yoopsa, wina yopepuka, ndipo munthu amayamba mankhwala pa mwezi woipitsitsa. Taonani zimene zinachitika poyesa njira zina ziwiri.

Vitex agnus-castus ndi chitsamba cha kumaiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, osati cha ku China. Mu 2001 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza mayeso a ku Germany a amayi 170: mamiligalamu 20 patsiku kwa misambo itatu. Mwa omwa Vitex, 52 mwa 100 anapeza kusintha kwakukulu. Mwa omwa mapiritsi opanda mankhwala, 24 mwa 100 anapezanso bwino. Mu 1998 ku America anayesa kashiamu, mamiligalamu 1,200 patsiku, pa amayi 466. Pofika msambo wachitatu mavuto anatsika ndi 48 peresenti kwa omwa kashiamu, ndi 30 peresenti kwa omwa mapiritsi opanda kanthu. Ndiye kuti ngakhale piritsi la shuga limapeza mboni zambiri zolitamanda. N'chifukwa chake mawu a mnzanu akuti "ine anandithandiza" ndi oona kwa iye, koma sakuuzani ngati ndi chitsambacho chinagwira ntchito.

Mwa zitsamba zonse, Vitex ndiye ali ndi mayeso olimba kuposa za ku China. Musamusokoneze ndi man jing zi, wachibale wake wa ku China amene amaperekedwa pa mutu ndi maso. Si chinthu chimodzi. Vitex amakhudza homoni ya prolactin, imene imathandiza kupanga mkaka wa m'mawere, ndiye woyamwitsa, woyembekezera ndi amene ali pa njira yolera ya mahomoni afunse dokotala kaye.

Kashiamu ndi njira imene ndingayambe nayo kwa mayi wa PMS yapakatikati, chifukwa ndi wotsika mtengo ndipo ngozi zake n'zochepa. Usipa ndi matemba odya ndi minga yake, mkaka, chambiko ndi bonongwe zimathandiza, ngakhale kufika mlingo wa m'mayeso aja ndi chakudya chokha n'kovuta. Vitamini B6 amathandiza ena, koma osapitirira mamiligalamu 100 patsiku, chifukwa akachuluka kwa nthawi yaitali amawononga mitsempha, manja ndi mapazi n'kumachita dzanzi.

Pamene zitsamba si poyambira

Ngati masiku amenewa akukugwetserani banja, ntchito kapena sukulu, umboni wamphamvu kuposa onse uli pa mankhwala a matenda a nkhawa a gulu la SSRI, monga fluoxetine ndi sertraline. Ambiri amawaopa poganiza kuti ndi a misala. Pa matenda a nkhawa yaikulu amatenga masabata kuti ayambe kugwira, koma pa PMDD amagwira m'masiku ochepa, moti dokotala angakuuzeni kuti muzimwa masabata awiri okha msambo usanafike n'kusiya ukayamba. Ku America fluoxetine anavomerezedwa pa PMDD mu 2000. Ali ndi zovuta zake: nseru, kusowa tulo, ndi kuchepa kwa chilakolako cha m'banja, chimene amayi ambiri amachita manyazi kutchula koma ndi chifukwa chachikulu chowasiyira.

Njira ina ndi mapiritsi olera okhala ndi drospirenone, amene anavomerezedwa pa PMDD ku America mu 2006. Ndi abwino kwa amene akufuna kulera nthawi yomweyo. Si a mayi wosuta wa zaka zoposa 35, wa BP, amene magazi anaundanapo m'mitsempha, kapena wa mutu waching'alang'ala umene umayamba ndi kuona zong'anima. Malangizo a bungwe la madokotala a amayi ku Britain, RCOG, a mu 2016, amaika mapiritsi amenewa, ma SSRI, masewera olimbitsa thupi, B6 ndi uphungu wa kaganizidwe pa njira zoyambira. Mayi amene akuganiza zodzipha asadikire misambo itatu kuti aone ngati timibulu tagwira. Apite kuchipatala lero, ndipo auze dokotala kuti maganizowo amabwera pa nthawi yomweyo mwezi uliwonse.

Chimene chili m'botolo

Ngozi yoopsa kwambiri m'mbiri ya zitsamba za ku China sinachokere pa mankhwala amene ndatchulawa, koma pa kusinthanitsa. Pakati pa 1990 ndi 1992, pa kiliniki ina yochepetsa thupi ku Brussels, amayi anapatsidwa makapisozi amene anayenera kukhala ndi muzu wa Stephania tetrandra. M'malo mwake munalowa Aristolochia fangchi, chifukwa mayina awo a malonda ndi ofanana. Amayi oposa 100 anawonongeka impso, ambiri anafika pa makina osefa magazi kapena kuikidwa impso ina, ndipo ena anadzadwala khansa ya njira ya mkodzo. Kuyambira pamenepo maiko ambiri analetsa Aristolochia. Komabe paketi ya ufa wopanda dzina la kampani, yopanda mndandanda wa zimene zilimo, yopanda tsiku lothera mphamvu, simungadziwe chimene yanyamula. Funsani ngati mankhwalawo analembetsedwa ku bungwe la boma loyang'anira mankhwala: ku Malawi ndi ku PMRA, ku Zambia ZAMRA, ku South Africa SAHPRA, ndipo ku Britain yang'anani chizindikiro cha THR pabokosi.

Kwa amene ali pa ma ARV pali zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa. Ku China kuli makapisozi a nkhawa otchedwa Shugan Jieyu, amene munthu angawasokoneze ndi Chai Hu Shu Gan San chifukwa cha dzina. Muli chitsamba cha St John's wort, chimene chimafulumizitsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena m'thupi. Chimafooketsa ma ARV monga dolutegravir ndi efavirenz, chimafooketsa mapiritsi olera, ndipo sichiyenera kuphatikizidwa ndi ma SSRI. Chachiwiri ndi kashiamu yemwe ndamuyamikira uja: amagwirana ndi dolutegravir m'mimba n'kulepheretsa thupi kumutenga. Imwani dolutegravir maola 2 musanamwe kashiamu kapena maola 6 mutamwa, kapena imwani zonse pamodzi ndi chakudya. Auzeni a ku kiliniki yanu chilichonse chimene mukumwa, ngakhale cha m'paketi ya tiyi.

Amene mukufuna mwana, kumbukirani kuti masabata awiri a PMS ndi omwewo amene mimba imakhala ikuyamba musanadziwe. Mawere owawa, kutopa ndi kulira msanga zimafanana mbali zonse. Jia Wei Xiao Yao San ndi Gui Zhi Fu Ling Wan onse ali ndi mu dan pi, ndipo mapepala a m'bokosi a ku Japan amachenjeza oyembekezera za chitsamba chimenechi.

Musanagule chilichonse

Tengani kope, mulembe tsiku lililonse kwa misambo iwiri: mkwiyo, kulira, mawere, kutupa, mutu, tulo, chilichonse mupatse nambala kuyambira 0 mpaka 3, ndipo muike chizindikiro pa masiku a magazi. Madokotala amafuna zimenezi asanatsimikize PMS kapena PMDD, ndipo sing'anga wa ku China wodziwa ntchito yake angazilandirenso ndi manja awiri. Kope limeneli likuonetsani kuti vuto lanu lalikulu ndi liti. Likakhala mkwiyo ndi kutentha, ndipo BP yanu ili bwino, Jia Wei Xiao Yao San wochokera kwa sing'anga wophunzira ndi woyeseka kwa misambo itatu, mukuyezetsa BP pakati. Likakhala kutupa ndi kuzizira, Dang Gui Shao Yao San ndiye wogwirizana nalo. Yesani chinthu chimodzi pa nthawi, mupitirize kulemba, ndipo manambala akapanda kutsika pofika msambo wachitatu, siyani.

Kope lomwelo likhoza kuonetsanso kuti si PMS konse. PMS imasiya mayi ndi masiku abwino, pafupifupi sabata yathunthu magazi akatha. Ngati kutopa, kulira ndi mkwiyo zilipo mwezi wonse n'kumangokula msambo ukayandikira, dokotala ayang'ane kuchepa kwa magazi, chithokomiro, matenda a nkhawa, kapena kuyandikira kwa nthawi yosiya kusamba kwa amene apitirira zaka 40.